Kodi ma Viking anafikadi ku America, nanga ofukula zakale anadziwa bwanji pokumba?

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina ku Dedza. Tsiku lina tikuphunzira za Columbus ndi chaka cha 1492, mwana wina anakweza mkono n'kunena kuti anaona pa foni kuti ma Viking ndiwo anayamba kufika ku America. Nditafufuza ndinapeza kuti nkhaniyi ili m'mabuku akale a ku Iceland amene analembedwa patapita zaka zambiri, ndipo muli zina zomveka ngati nthano. Kodi akatswiri amatenga bwanji buku lotere n'kudziwa pokumba? Nanga anawa ndiwauze kuti n'zoona kapena ndi nthano chabe?

Yankho: Aphunzitsi, mwanayo mumuyamikire. Anawo auzeni mosakayika kuti m'chaka cha 1021 anthu ochokera ku Greenland ndi ku Iceland, ma Viking amene akatswiri amawatcha a Norse, anali pa nsonga ya kumpoto ya chilumba cha Newfoundland ku Canada, akugwetsa mitengo ndi zida zachitsulo. Apo n'kuti kutatsala zaka 471 kuti Columbus awoloke nyanja. Koma mawu oti "kuyamba kufika" muwakonze. Kumeneko kunali kale eni nthaka kwa zaka masauzande ambiri, ndipo a Norse eniakewo amasimba kuti anawapeza, anasinthana nawo nsalu zofiira ndi zikopa, kenako anamenyana nawo.

Mabuku mukunenawo amatchedwa masaga. Okamba za ulendowu ndi awiri: Grænlendinga saga, yosimba za anthu a ku Greenland, ndi Eiríks saga rauða, yosimba za Erik uja ankamutcha Wofiira. Onse analembedwa pa zikopa ku Iceland m'zaka za m'ma 1200, patatha zaka pafupifupi 200 chichitikireni zinthuzo. Nthawi yonseyo nkhani inkayenda pakamwa, agogo kusimbira zidzukulu. Ndiye n'zosadabwitsa kuti awiriwa amatsutsana. Ina imati woyamba kuona dzikolo anali Bjarni Herjólfsson, amene anasochera ndi mphepo ndi nkhungu popita ku Greenland koma sanatsike m'chombo, ndipo Leif Eriksson, mwana wa Erik, anadzagula chombocho n'kulondola njira yomweyo. Inayo Bjarni simutchula n'komwe, imangoti Leif anakankhidwirako ndi mphepo. Ina imati Thorfinn Karlsefni anapita ndi amuna 60 ndi akazi asanu, inzake imati anthu anali oposa 100 pa zombo zitatu. Ina imati Thorvald, m'bale wake wa Leif, anafa ndi muvi wa eni dziko, pomwe inayo imati anamulasa ndi munthu wa mwendo umodzi woyenda chodumpha.

Wofukula zakale sataya buku chifukwa cha munthu wa mwendo umodziyo, komanso salimeza lonse. Amadzifunsa kuti m'nkhani yoyenda pakamwa, n'chiyani chimene osimba sangayerekeze kukometsera? Kwa anthu a panyanja yankho ndi njira. Ukanamiza mnzako za njira ya panyanja wamupha. N'chifukwa chake gawo lolimba la masaga ndi lija lonena masiku oyenda, mphepo, ndi maonekedwe a gombe. Amati kuchokera ku Greenland umayamba wafika ku Helluland, dziko la miyala yathyathyathya ndi madzi oundana, lopanda udzu. Ukalowera kum'mwera umafika ku Markland, dziko la nkhalango ndi mchenga woyera. Kenako Vinland, dziko la mphesa. Tsegulani mapu: chilumba cha Baffin ndi miyala, Labrador ndi nkhalango, ndipo ku Labrador kuli gombe lamchenga lalitali makilomita makumimakumi pafupi ndi Cape Porcupine, lofanana ndi limene saga imati silinkatha kulidutsa. Palinso mboni ina yosadalira masaga. Cha m'ma 1075 wansembe wa ku Germany, Adam of Bremen, analemba kuti mfumu ya Denmark inamuuza za chilumba chotchedwa Vinland kumene mphesa zimamera zokha.

Njira imeneyi si yachilendo kwa inu. M'boma lanu lomwelo, Dr Yusuf Juwayeyi anatsata mbiri ya pakamwa ya Achewa mpaka kukumba pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, likulu la a Kalonga. Dothi linatulutsa mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ndi zidutswa za mbale za ku China. Pakamwa panaloza malo, dothi n'kuikira umboni.

Koma buku likhoza kukusocheretsa ngakhale likunena zoona. Erik atathamangitsidwa ku Iceland chifukwa chopha anthu, anatsogolera zombo 25 kupita ku Greenland cha m'ma 985, zofika n'kukhala 14 zokha. Anthuwo anakhazikika m'zigawo ziwiri zimene mabuku amazitcha Chigawo cha Kum'mawa ndi Chigawo cha Kumadzulo. Mbiri yawo yomaliza yolembedwa ndi ya ukwati umene unachitikira m'tchalitchi cha Hvalsey mu 1408, kenako zii. Pamene m'busa Hans Egede anafika mu 1721 kudzafuna Akhristu otayikawo, anapeza a Inuit, eni dziko a kumadera ozizira a kumpotoko, ndi mabwinja. Anthu ku Denmark anati, poti mabwinjawa ali kugombe la kumadzulo, ndiye kuti Chigawo cha Kum'mawa chili kugombe la kum'mawa, kuseri kwa madzi oundana, mwinanso anthu akadali moyo komweko. Zombo zinalimbana ndi gombe loopsalo kambirimbiri. Wilhelm Graah analiyenda cha m'ma 1829 pa mabwato azikopa a Inuit, osapeza ngakhale khoma limodzi. Chonsecho zigawo zonse ziwiri zinali mbali imodzi, yoyang'ana kumadzulo. Chinacho chinangokhala cha kum'mwera, chopendekera kum'mawa poyerekeza ndi chinzake. Mawu a m'buku analibe vuto. Owerenga ndiwo anawamva ndi makutu a nthawi yawo.

Zitadziwika zimenezi, mayina a m'mabuku anayamba kugwera pamalo pake. Garðar, kumene kunkakhala bishopu, ndi Igaliku wa lero. Brattahlíð, mudzi wa Erik, ambiri amavomereza kuti ndi Qassiarsuk. Saga imati mkazi wa Erik, Thjodhild, atalowa Chikhristu anamangitsa tchalitchi chapatali pang'ono ndi nyumba, mwamuna wake akadakakamira milungu ya makolo. Mu 1961 anthu akukumba maziko a nyumba yogona ana asukulu ku Qassiarsuk anavumbulula mafupa a anthu. Akatswiri atabwera anapeza katchalitchi ka makoma a dothi, mkati mwake mamita atatu ndi theka m'litali ndi awiri m'lifupi, kozunguliridwa ndi manda a anthu oposa 140. Nthawi yake ikugwirizana ndi ya m'saga, pamene kanamangidwa pakugwirizananso.

Za Vinland zinavuta kwambiri, ndipo apa m'pamene mtima umandiwawa, chifukwa zaka zoposa 100 zinathera pa kufuna chimene anthu ankalakalaka m'malo mwa chimene chinalipo. Mu 1837 Carl Christian Rafn wa ku Denmark atasindikiza masagawa pamodzi ndi maganizo ake oti Vinland anali ku New England, kumpoto chakum'mawa kwa United States, aliyense anayamba kuona ma Viking kuseri kwa nyumba yake. Nsanja yamiyala ya ku Newport ankati ndi tchalitchi cha a Norse, chikhalirecho bwanamkubwa wa m'deralo anaitchula mu wilo yake ya 1677 kuti ndi chigayo chake choyendera mphepo, ndipo atakumba pamaziko ake mu 1948 ndi 1949 anapeza zinthu za atsamunda a ku England. Eben Horsford, amene analemera ndi ufa wotupitsira buledi, anamanga nsanja mu 1889 m'mbali mwa mtsinje wa Charles pokumbukira mzinda wa a Norse umene sunakhaleko. Mwala wa ku Kensington ku Minnesota, umene unatuluka m'munda mu 1898 utalembedwa chaka cha 1362, akatswiri a chilankhulo anauona msanga kuti mawu ake ndi a posachedwa. Ndiye panabwera mapu a Vinland, amene yunivesite ya Yale inaonetsa dziko lonse mu 1965. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mu 2021 yunivesite yomweyo inalengeza kuti ndi achinyengo, popeza inki yake ili ndi mankhwala a titanium amene anayamba kupangidwa m'ma 1920.

Onani kuti zonsezi ndi zinthu zikuluzikulu zodzilankhulira zokha: nsanja, mwala wolembedwa, mapu. Umboni weniweni utapezeka unali wa padzala.

Helge Ingstad wa ku Norway, loya amene anasiya ofesi n'kukakhala msaki kumpoto kwa Canada, anaganiza ngati woyendetsa chombo. Anati munthu wochokera ku Greenland wotsata gombe la Labrador kulowera kum'mwera, chimene chingamutchingire kutsogolo ndi nsonga ya kumpoto ya Newfoundland. Ena, monga William Munn wa ku Newfoundland komweko, anali ataloza kale chigawo chimenechi, ndipo mapu ena akale a ku Skálholt ku Iceland amajambula nsonga yaitali yotchedwa dzina la Vinland cha pomwepo. Chimene Ingstad anachita choposa anzake ndi kuyenda mudzi ndi mudzi mu 1960 akufunsa asodzi funso limodzi: kodi kuno kuli mabwinja akale? Safunsa anadya phula. Pa kamudzi ka L'Anse aux Meadows, kopanda msewu, kofikako pa bwato pokha, bambo wina wa m'mudzimo, George Decker, anamutengera pa kachitunda ka udzu pafupi ndi kamtsinje ka Black Duck Brook. Panali timitumbira tamakona tomera udzu. Anthu a m'mudzimo ankangoti ndi msasa wakale wa eni dziko.

Wokumba anali mkazi wake, Anne Stine Ingstad, yemwe ndiye anali katswiri wofukula zakale. Anatsogolera ntchitoyi kuyambira 1961 mpaka 1968, pamodzi ndi akatswiri a ku Iceland, Sweden, Canada ndi United States. Anapeza nyumba zisanu ndi zitatu: zitatu zazikulu zogonamo, yaikulu koposa yotalika pafupifupi mamita 29, ndi zing'onozing'ono zogwiriramo ntchito. Makoma anali a zibuma za dothi zodulidwa ndi udzu ndi mizu yake, zosanjikizidwa pa mitengo, moto uli pakati pa nyumba motalika, ndendende mamangidwe a ku Iceland ndi Greenland a nthawi imeneyo. Komabe okayika anali ndi chifukwa chokayikira. Asodzi a ku Ulaya akhala akufika ku Newfoundland kuyambira m'ma 1500, ndipo khoma la dothi angamange aliyense.

Chimene chinayamba kuwatseka pakamwa chinali tsidya la kamtsinje kaja. Kumeneko kunali kanyumba kokumba m'tsinde mwa chitunda, muli ng'anjo, makala ndi zotsalira za chitsulo choyenga, ndipo chapafupi panali dzenje lootcheramo makala. Anthuwo anatola miyala ya chitsulo m'dambo n'kuyenga makilogalamu pafupifupi atatu okha. Mitundu ya eni dziko imene inakhalapo pamalowa, a Norse asanafike ndiponso atachoka, sinkayenga chitsulo. M'nyumba zina ndi kunja kwake munatuluka zidutswa za misomali pafupifupi 100, yambiri yodulidwa. Umu ndi mmene amachitira wokonza chombo: amadula msomali wakale kuti achotse thabwa lowola, n'kukhomera latsopano. Anayenga chitsulo chochepacho chifukwa zombo zinafunika misomali yobwererera kwawo.

Mu 1964 kunatuluka kamwala. Ndi kozungulira, kobowoka pakati, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo, kosemedwa kuchokera ku mwala wofewa. Kamavekedwa pa kamtengo kopotera ulusi kuti kazizungulira molemera, monga mmene makolo ankapotera thonje kuno. Kapangidwe kake n'kofanana ndi ta ku Greenland ndi Iceland. Kwa a Norse kupota ubweya inali ntchito ya amayi, choncho kamwalako, pamodzi ndi singano ya fupa ndi kamwala konolera masingano, kakutiuza kuti panali akazi, monga masaga anenera. Mu 1968, chaka chomaliza, m'dzenje lophikira munapezeka phini yamkuwa yotalika masentimita pafupifupi khumi, yokhala ndi mphete kumutu kwake, yomangira chofunda paphewa. Ndi ya mtundu umene a Norse a ku Ireland, Scotland ndi Iceland ankavala m'nthawi imeneyo. Wina anawerama pamoto, phini n'kugwera m'phulusa, osaipezanso. Mu 1978 UNESCO inaika malowa m'gulu loyamba la malo a mbiri ya dziko lonse.

Panatsala funso lovuta. Pa L'Anse aux Meadows sipamera mphesa, ndipo sizinamerepo ngakhale nthawi imeneyo. Ndi malo amphepo, ozizira. Nanga "dziko la mphesa" lili kuti? Ingstad anayesa kuthawa funsoli ponena kuti mawu oti vin ankatanthauza msipu osati vinyo. Akatswiri ambiri a chilankhulocho anakana, ndipo ine ndili kumbali yawo. Masaga amanena za mphesa momveka, mpaka kusimba za Tyrkir, bambo wa ku Germany amene anasowa pamsasa n'kubwera akusangalala kuti wapeza mphesa ngati za kwawo. Sibwino kupotoza buku kuti ligwirizane ndi dzenje limene wakumba.

Yankho linachokera m'matope. Kuyambira 1973 mpaka 1976 a Parks Canada, bungwe la boma la Canada losamalira mapaki ndi malo a mbiri, anakumbanso, ndipo mmodzi mwa otsogolera anali Birgitta Wallace. Iwo analowa m'dambo la m'munsi mwa nyumbazo, mmene matope onyowa amasunga mtengo osawola. Anapeza zipalapasiro ndi zidutswa za matabwa mazanamazana, zinyalala za akalipentala. Pakati pa zinyalalazo panali njere zitatu za mtedza wa mumtengo wotchedwa butternut, ndi chidutswa cha mtengo womwewo chodulidwa ndi mpeni. Mtengo umenewu ku Newfoundland kulibe. Malire ake a kumpoto ndi New Brunswick ndi chigwa cha mtsinje wa St Lawrence, makilomita oposa 800 kuchokera pamalowa. Ndipo kumene umamera butternut n'komwenso kumamera mphesa zakutchire, zimapsanso nyengo imodzi. Njere zitatu zija zikutanthauza kuti anthu a pamsasawu anayenda mpaka kudziko la mphesa, anatola mtedza, n'kubwera nawo.

Wallace anayang'ananso zimene palibe, ndipo luso limeneli ndimalilemekeza kwambiri. Palibe khola, palibe nkhokwe ya udzu wa ziweto, pamene mudzi uliwonse wa a Norse ku Greenland unali nazo. Palibe manda. Dzala ndi laling'ono. Nyumba sizinakonzedwepo, chikhalirecho nyumba ya dothi imafuna kukonza pakapita zaka. Koma malo ogona ndi okwanira anthu 70 mpaka 90, ndipo zipinda zosungira katundu ndi zazikulu. Choncho sunali mudzi wa mabanja, unali msasa waukulu wa pakhomo lolowera: ankagonapo m'nyengo yozizira, kukonza zombo, chilimwe n'kumwazikana kukafuna matabwa, zikopa ndi mphesa kum'mwera. Anakhalapo zaka zochepa n'kunyamula zawo zonse zofunika. Wallace amati awa ndi malo amene saga ya Erik imawatcha Straumfjörður, ndipo Vinland ndi dera lonse lozungulira nyanja ya St Lawrence, osati malo amodzi. Amakumbutsanso kuti nthawi imeneyo Greenland yonse inali ndi anthu mazana ochepa, moti sakanatha kumanga misasa iwiri ya kukula kotere.

Chaka cha 1021 chija chinadziwika posachedwa. Kupima ndi kaboni 14, mtundu wa kaboni umene umachepa pang'onopang'ono chamoyo chikafa n'kuthandiza kudziwa zaka zake, kunkangopereka nyengo yotambalala ya zaka makumi angapo mozungulira 1000. Koma mu 2012 Fusa Miyake wa ku Japan anatulukira kuti pa zaka zina mphamvu yaikulu yochokera kumlengalenga, imene ambiri amati inachokera kudzuwa, inachulukitsa kaboni 14 mumpweya padziko lonse mwadzidzidzi. Chimodzi mwa zaka zimenezi ndi 993. Mtengo wa kumadera ozizira umawonjezera mzere umodzi wozungulira chaka chilichonse, ija timaiona pachitsa, ndipo mzere wa chaka chimenecho umasunga chizindikirocho. Margot Kuitems ndi Michael Dee a ku yunivesite ya Groningen anatenga zidutswa zitatu za mitengo itatu yosiyana za m'dambo lija, zonse zodulidwa ndi chitsulo, zonse zikadali ndi mzere wotsiriza wa pansi pa khungwa. Anapima mzere ndi mzere mpaka kupeza wa 993, n'kuwerenga kupita kunja. Pa zitatu zonsezo khungwa linafika patatha zaka 28. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2021, patatha zaka 1,000 ndendende mitengoyo itagwa.

Tsopano chenjezo limene ndikupemphani mukawafikitsire ana. Palibe chinthu ngakhale chimodzi pa L'Anse aux Meadows cholembedwa dzina la Leif. Anthu amakonda kunena kuti kamwala kopotera ulusi kaja kanali ka Gudrid, mkazi wa Karlsefni, amene masaga amati anaberekera mwana wake Snorri ku Vinland. N'zokoma kumva, koma kamwalako kamangoti panali mkazi. Ku Glaumbær kumpoto kwa Iceland, kumene Grænlendinga saga imati banjali linakakhazikika, gulu la John Steinberg linapeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 nyumba yaitali ya dothi pansi pa munda wa udzu, pogwiritsa ntchito makina opima nthaka osakumba. Inali pansi pa phulusa la phiri la Hekla limene linaphulika mu 1104, ndiye kuti ndi ya nthawi ya Snorri. Malo akugwirizana, nthawi ikugwirizana, koma dzina likuchokerabe m'buku.

Pamene buku ndi dothi zinayandikana koposa ndi ku Trondheim ku Norway. Sverris saga, imene inalembedwa pafupi kwambiri ndi nthawi ya zochitikazo, imati mu 1197 adani a mfumu Sverre atalanda linga la Sverresborg, anatenga munthu wakufa n'kumuponya m'chitsime, n'kuchikwirira ndi miyala. Ndi chiganizo chimodzi chokha, munthuyo alibe ndi dzina lomwe. Mu 1938 mafupa a munthu anaoneka pansi pa chitsimecho. Atakumbanso mu 2014 ndi 2016, kupima kunaonetsa kuti ndi mwamuna wa zaka zapakati pa 30 ndi 40 amene anafa m'nyengo yomweyo. Mu 2024 DNA ya m'dzino lake inaonetsa kuti makolo ake anali a kum'mwera kwenikweni kwa Norway, pomwe ambiri ankayembekezera munthu wa m'dera la lingalo. Dothi linavomereza chiganizo chija n'kuwonjezerapo zimene wolemba sananene.

Makina atsopano sanachotse ngozi ya kulakalaka. Mu 2015 Sarah Parcak, katswiri wofufuza mabwinja ndi zithunzi za setilaiti, anaona mizere yokayikitsa pa Point Rosee kum'mwera chakumadzulo kwa Newfoundland. Atakumba anapeza zooneka ngati khoma la dothi ndi malo ootchera miyala ya chitsulo. Mu 2016 nkhani inawanda padziko lonse kuti msasa wachiwiri wapezeka. Atabwerera kukakumba mozama, zinaoneka kuti zonsezo ndi zachilengedwe, ndipo lipoti lawo la 2017 linanena poyera kuti palibe umboni wa a Norse. Kulengeza kunafulumira, koma ndimawapatsa ulemu chifukwa anabwerera kukadziyesa okha n'kulemba zimene anapeza ngakhale zinali zowawa.

Zinthu za a Norse zapezekanso kwina, koma chinthu chimayenda popanda mwini wake. Ndalama yasiliva ya mfumu Olaf Kyrre, amene analamulira Norway kuyambira 1067 mpaka 1093, inapezeka mu 1957 pa bwinja la eni dziko ku Maine, ndipo ambiri amati inafika kumeneko podutsa m'manja ndi m'manja pa malonda. Pa Skraeling Island, kumpoto kwenikweni kwa Canada, Peter Schledermann anapeza zidutswa za malaya achitsulo ankhondo ndi misomali ya chombo m'nyumba za makolo a Inuit. Mabuku a zochitika za chaka ndi chaka a ku Iceland amati mu 1347 kachombo ka ku Greenland kopanda nangula kanakankhidwira ku Iceland kakuchokera ku Markland, muli anthu 17 kapena 18. Ndiye kuti patatha zaka 300 anthu ankawolokabe, mwachionekere kukadula mitengo, popeza Greenland ilibe nkhalango.

Malo amene ofufuza amawalakalaka kwambiri mpaka lero ndi Hóp, msasa wa kum'mwera wa m'saga ya Erik. Saga imati pamenepo mtsinje umathira m'thamanda, thamanda n'kuthira m'nyanja, ndipo pakamwa pake pali milu ya mchenga moti chombo chimalowa pokhapokha madzi akakwera. M'zitunda munali mphesa, m'zigwa mbewu yomera yokha yonga tirigu, ndipo ankakumba maenje m'mphepete mwa nyanja kuti madzi akaphwa nsomba zitsalire momwemo. Wallace amaloza kugombe la kum'mawa kwa New Brunswick, cha ku Miramichi, kumene kuli mathamanda otchingidwa ndi mchenga, mphesa, butternut ndi nsomba za salmon, kwawo kwa makolo a anthu a Mi'kmaq, eni dziko a kumeneko. Koma kumeneko a Norse ankangokhalako miyezi ya chilimwe m'tizisakasa, ndipo mchenga wa gombe limenelo umasuntha ndi mkuntho uliwonse. Wodzati wapeza Hóp adzafunika kutionetsa msomali wa chombo wodulidwa, wogona m'dothi losasokonezedwa pamodzi ndi makala kapena mtengo woti n'kupimidwa zaka zake.